Mphaka wa m'Foni ndi Mphaka wa m'Buku

Munthu ali yense wokhala m'komboni ya Chipata, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, adziwa nchito ya galu ndi ya mphaka. Galu ndiye mlonda wa usiku, mphaka ndiye mdani wa makoswe, ndipo onse awiri adya makombo otsala m'mbale. Koma masiku ano kwafika agalu ndi amphaka a mtundu wina, okhala m'foni. Iwo abvala zipewa ndi malaya, agona pa mipando ya eni nyumba, agwera m'mabeseni a madzi, ndipo ena alumpha poona nkhaka monga ngati aona njoka. Pa kantemba, m'basi yopita ku tauni, ngakhale pa mzere wa ku mpopi, mudzapeza acinyamata atagundanitsa mitu pa foni imodzi, ali kufa nalo phwete. Inenso ndiseka nao, pakuti kuseka si mlandu iai.

Mcitidwe umenewu sunayambe lero. M'caka ca 1894 anthu a Thomas Edison ku America anajambula kanema wa amphaka awiri ali kumenyana nkhonya. Pamene YouTube inayamba mu 2005, kanema woyamba kuikidwapo anali wa mnyamata ataima patsogolo pa njobvu ku San Diego. Mphaka wina wa nkhope yamsunamo, wochedwa Grumpy Cat, anachuka pa dziko lonse mu 2012, nafa mu 2019. Makolo athunso anali kuseka Kalulu ndi Fisi pamoto, ndipo akulu ambiri akumbukabe Julius Chongo, amene anali kusimba nthano pa wailesi ya Radio Zambia m'pologalamu ya Poceza M'madzulo, nasintha mau ace kuti amveke ngati anthu ambiri.

Komabe pali kusiyana pakati pa cinthu coseketsa ndi cinthu cokhalitsa, ndipo ine ndinakuona bwino m'caka ca 2024. Caka cimeneco mvula inakana, madzi anacepa ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri tsiku liri lonse, kotero kuti mafoni anali kuthera moto dzuwa lisanalowe. Tsiku lina tiri khale pakhonde mumdima, mwana wa mlongo wanga anayesa kutifotokozera kanema wa galu amene anamseketsa m'mawa. Atanena kuti galuyo anaterereka nagwa, nkhani inathera pomwepo, ndipo panalibe woseka. Iye anangoti, "Amalume, mukadaona nokha." Pamenepo aphunzitsi ena opuma pa nchito, oyandikana nafe nyumba, anati iwonso ali nayo nkhani yoyamba ndi mphaka, natiuza za Okonkwo. Tinacezera kufikira pakati pa usiku tiri kutsutsana.

Nkhaniyo icokera m'buku la Things Fall Apart, limene Chinua Achebe wa ku Nigeria analemba, ndipo linasindikizidwa ku London mu 1958. Ambiri a inu munakomana nalo m'kalasi. Mu 1961 wailesi ya ku Nigeria inalisandutsa sewero la mau okha, ndipo mu 1987 bungwe la Nigerian Television Authority linapanga sewero la pa kanema la zigawo zingapo, m'mene Pete Edochie anasewera ngati Okonkwo, ndi Justus Esiri ngati bwenzi lace Obierika. Zithunzi zace ziri zacimbuuzi poziyerekeza ndi za masiku ano, koma anthu azifunafunabe pa intaneti, ndipo ambiri akaona nkhope ya Edochie angomucha Okonkwo.

Mphaka wa m'bukumo sanali nyama. Anali munthu, katswiri wa kulimbana dzina lace Amalinze, amene anamucha Mphaka cifukwa msana wace sunali kukhudza pansi. Okonkwo anamgwetsa ali ndi zaka 18, ndipo mbiri yace inayambira pomwepo. Koma m'mtima mwa ngwaziyo munali mantha. Atate wace, Unoka, anali munthu wa citoliro ndi ngongole, amene anafa wopanda nkhokwe, ndipo Okonkwo anaopa kufanana nao koposa kuopa imfa. Mantha amenewo ndiwo anamphetsa Ikemefuna, mnyamata amene anakhala m'nyumba mwace zaka zitatu namucha atate. Nkhalamba ina inamcenjeza kuti asaikepo dzanja, koma iye anamtema ndi cikwanje kuti anzace angamuyese wofooka. Pambuyo pace mfuti yace inaphulika pa maliro nipha mwana wa womwalirayo, ndipo anampitikitsira kwao kwa amai ace zaka zisanu ndi ziwiri. Ife Acewa ticimva msanga cigawo cimeneci, pakuti tidziwa kuti wogwa m'tsoka alandiridwa ndi amalume ace. Pobwerera anapeza Azungu atakhazika chalichi ndi bwalo la milandu, mwana wace Nwoye atamthawa kale kutsata Akristu, ndipo mathero ace anadzimangirira pa mtengo.

Usiku uja ena anati Okonkwo anali mwamuna weniweni, ena anati anali wamantha wobvala cikopa ca mkango. Apa ndipo pagona cinsinsi ca kukhalitsa kwace. Kanema wa galu akatha, palibe cotsala cakuti anthu atsutsane. Nkhani ya Okonkwo ikatha, mlandu ungoyamba kumene. Woyambayo afuna foni ndi mabandulo, winayo anyamulidwa pakamwa, ndipo afika ngakhale kumene kulibe magetsi. Achebe mwini anadziwa mphamvu ya nyama zoseketsa, cifukwa m'buku lomwelo mai auza mwana wace nthano ya Fulu amene anabwereka nthenga kwa mbalame, nadya yekha phwando la kumwamba, nagwa nasweka cigoba. Fulu ameneyo timseka, koma poseka tiona munthu wadyera amene timdziwa. Mphaka wa m'foni ali mphaka cabe.

Ndikamba izi kwa inu amene mwatsiriza sukulu, cifukwa mantha a Okonkwo ali pakati pathu. Mnyamata akhala pakhomo miyezi yambiri kudikira malo ku koleji kapena yankho la kalata ya nchito, ndipo ayamba kuopa kuti anthu amuyesa wolephera monga uje. Wina mantha otere amthamangitsira ku mowa, wina ku magulu a ndeu, wina acita nao manyazi makolo ace osauka amene anagulitsa tomato kuti iye aphunzire. Kanema wa mphaka aiwalitsa manthawo kanthawi kocepa, ndipo cimeneco ndi cithandizo ndithu. Koma sangathe kukuuzani dzina la cimene ciri kukudyani m'kati, kapena kukuonetsani kumene cifikitsa munthu. Okonkwo akhoza.

Cifukwa cace sekani amphaka anu, musaleke. Koma pa mabandulo a sabata ino patulaniko pang'ono, muone sewero lija la 1987, kapena bwerekani bukulo kwa mnzanu muliwerenge popanda mayeso okudikirani. Mukatero mukawafunse atate kapena amalume anu ngati Okonkwo anali wolimba mtima kapena wamantha, ndipo mumvetsere bwino yankho lao, pakuti poyankha adzakuuzaninso za iwo eni. Paja mau a akulu akoma akagonera.