Mtedza wa ku Georgia ndi Mpamba Wosafika Kumudzi

Kuno kum'mwera kwa Georgia mtedza amakumba mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yomwe kwathu ku Mchinji anthu amakhala akusosa m'minda, maso ali kumwamba kudikira mvula yoyamba. Sakumba ndi khasu ayi. Thirakitala imadutsa m'mizere, n'kuzula mtedza, n'kuutembenuza kuti uume padzuwa, ndipo pakapita masiku ochepa makina ena amabwera kudzathothola. Fumbi limachita kutseka msewu. Koma fungo ndi lomwe lija, la dothi lofiira ndi mtedza wauwisi, moti popita kuntchito m'mawa ndimatsitsa dala galasi la galimoto, ngakhale ndikudziwa kuti tsiku lonselo mtima ukhala uli kumudzi. M'mbali mwa msewu amagulitsa mtedza wophika m'madzi amchere. Amaufewetsa mopitirira muyeso, koma ndimagulabe. Yemwe sindinamupeze mpaka lero ndi munthu wodziwa kuti mtedza umasinjidwa n'kutendera nkhwani.

Pafupifupi theka la mtedza wonse wa ku America limachokera m'chigawo chino, ndipo Jimmy Carter asanakhale pulezidenti anali mlimi wa mtedza ku Plains, mtunda wosatalika kuchokera komwe ndikukhala. Mungaganize kuti kotereku umphawi sukudziwika. Ulipo, abale anga. Matauni ang'onoang'ono ali ndi masitolo okhomedwa matabwa, zipatala zina zinatsekedwa, achinyamata akangomaliza sukulu ulendo wa ku Atlanta osatembenukanso. Munthu wofuna kukuza bizinesi yake kumudzi kuno amadandaula chomwe amadandaula malume anga ku Kamwendo: nzeru zilipo, manja alipo, mpamba palibe.

Kusiyana kwake n'kwakuti kuno chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo ya Georgia inaganiza zochitapo kanthu. Mu 2017 aphungu ake anavomereza lamulo lotchedwa Georgia Agribusiness and Rural Jobs Act, bwanamkubwa Nathan Deal n'kusaina. Kayendetsedwe kake ndi kotere. Makampani osonkhanitsa mpamba amapempha chilolezo ku nthambi ya boma ya Department of Community Affairs. Akavomerezedwa, amakatapa ndalama kwa eni chuma, makamaka makampani a inshuwaransi, mpaka zonse pamodzi zikwane madola 100 miliyoni. Ndalamazo azibwereketse kapena agule nazo masheya m'mabizinesi a antchito osakwana 250, okhala m'maboma ang'onoang'ono a anthu osapitirira 50,000, ndipo gawo lina lipite ndithu ku malonda a zaulimi. Oika ndalamawo boma limawachotsera msonkho wokwana madola 60 miliyoni pazaka zingapo. Chaka chomwecho Ohio ndi Utah anakhazikitsanso malamulo ofanana nalo.

Nditamva koyamba za lamuloli ndinakumbuka mlongo wanga. Kwa zaka zambiri wakhala akulota kachigayo kopera chiponde ndi kufinya mafuta, kuti mtedza wake asamaugulitse ndi makoko omwe kwa mavenda a sikelo zonyenga. Ku banki anamufunsa chikole. Munda womwe amalima ndi wa makolo, unachokera kwa agogo athu aakazi, mboni zake ndi anyakwawa ndi mitengo ya mango ya m'malire, pepala palibe. Ndinasirira dziko lomwe aphungu amakhala pansi n'kulemba lamulo loti ndalama zipite kumudzi.

Kusirirako kunachepa nditayamba kufunsa kuti ndalamazo zimatera kwa yani. Oyendetsa mpamba woterewu amafuna zawo zibwerere ndi phindu, choncho amasankha fakitale yomwe ili kale ndi mabuku a ndalama okonzeka bwino, yofuna madola mamiliyoni kuti iwonjezere makina. Izi si zoipa: fakitale ikakula, anthu amapeza ntchito. Koma mayi wofuna kutsegula malo odyera pa kamsika sali m'maganizo mwawo. Otsutsa lamuloli ananenanso poyera kuti boma likutaya msonkho wa 60 pofuna kukopa 100 yomwe pamapeto pake ibwerera kwa eni ake, komanso kuti makampani ochepa omwewo ndi amene amayenda chigawo ndi chigawo kunyengerera aphungu kuti alembe malamulo otere. Ine ndikuona kuti akunena zoona. Ndalama yodutsa m'manja ambiri ili ngati mchere wonyamula pamvula, umafika kunyumba utatsala pang'ono.

Pali china chomwe chinandigwira mtima kuposa zonsezi. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu akuda obadwira m'minda yomweyi. Usiku tulo tikawathawa amakamba za malo. Agogo awo anagula munda ukapolo utatha, anamwalira osalemba wilo, mundawo n'kukhala wa ana onse, kenako adzukulu onse, mpaka eni ake kufika makumi angapo, ena ali ku Detroit, ena ku New York. Kuno amati heirs' property. Banki silandira malo otere ngati chikole, chifukwa palibe mmodzi amene angati ndi ake. Choopsa kwambiri chinali chakuti wamalonda ankatha kugula gawo la mdzukulu mmodzi wosowa ndalama, n'kupita kukhoti kukapempha kuti munda wonse ugulitsidwe. Georgia inakhwimitsa lamulo pa nkhani imeneyi mu 2012, kuti abale azipatsidwa mwayi woyamba wogula gawo la mnzawoyo, koma malo ambiri anali atapita kale. Mu 1920 alimi akuda m'dziko lino ankapitirira 900,000. Lero sakwana 50,000.

Gogo wina atamaliza kundifotokozera zimenezi anandifunsa ngati kwathu ku Africa ziliko. Ndinangoti, "Agogo, mukunena za munda wa amayi anga." Tinaseka, koma usiku umenewo ndinaimba foni kumudzi osasamala kuti kumeneko kunali kusanache.

Kufupi ndi mzinda wa Albany kuno ku Georgia kuli umboni wina. Mu 1969 Charles Sherrod ndi mkazi wake Shirley, pamodzi ndi anzawo omenyera ufulu wa anthu akuda, anayambitsa New Communities, famu ya onse ya maekala pafupifupi 5,700 ku Lee County. Chilala chitavuta anapempha ngongole yadzidzidzi ku unduna wa zaulimi wa dziko lino, yomwe alimi achizungu ankalandira. Iwo anazengerezedwa, ndipo mu 1985 famuyo inalandidwa. Chipukutamisozi cha madola pafupifupi 12 miliyoni chinabwera mu 2009, potsatira mlandu waukulu wa Pigford womwe alimi akuda anasumira boma chifukwa cha tsankho pa ngongole. Mu 2011 anagula malo ena a maekala 1,600, omwe kale ankalimidwa ndi akapolo. Zaka 24 kudikira chilungamo! Ena mwa oyambitsa famuyo sanachione.

Ndiye mungafunse kuti bwanji osangolemba lamulo lopereka mpamba kwa anthu akuda mwachindunji. Boma lalikulu la ku Washington linayesa mwanjira ina: mu 2021 linaika madola 10 biliyoni m'thumba lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono kudzera m'zigawo, 1.5 biliyoni mwa izo n'kupatulira eni mabizinesi ochokera m'magulu osalidwa, ndipo Georgia inavomerezedwa kulandira pafupifupi madola 200 miliyoni. Koma mphepo yasintha. Ku Atlanta kampani ya Fearless Fund inkapereka madola 20,000 kwa amayi akuda a bizinesi; inasumiridwa mu 2023 kuti ikusankha mtundu, khoti la apilo linaiimitsa mu Juni 2024, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho inatseka ndondomekoyo. Masiku ano olemba malamulo amaona kuti n'kosavuta kutchula malo kusiyana ndi kutchula khungu. Mlimi wakuda wa kumudzi amalowamo chifukwa ndi wa kumudzi, koma akafika pakhomo amafunsidwa pepala lomwe agogo ake sanasiye.

Kwathu nako matumba a boma sanasowe. Tinaona MARDEF mu 2005, kenako MEDF, kenakonso NEEF. Dzina limasintha, nyimbo ndi yomweyo: ngongole zochuluka chisankho chikayandikira, kubweza kovuta chikadutsa. Mabanki nawo sangakongoze motsika pomwe banki yaikulu inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024. Wotsala ndi wakatapila. Chomwe chikugwiradi ntchito ndi banki mkhonde, amayi makumi awiri pansi pa mtengo ndi kabokosi ka maloko atatu, omwe chikole chawo ndi kudziwana. Koma ndalama za m'kabokosi zimakwana thumba la feteleza kapena fizi ya mwana, sizingagule chigayo. Ndiye mpamba wa mlongo wanga ndine. Mwezi ukatha ndimatumiza ndalama pafoni, ndipo isanafike pa chigayo imakumana ndi maliro, matenda ndi denga lodontha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ena ankati ife akunja talemera. Mitengo ya makina inakwera sabata yomweyo.

Ndikufuna kubwerera. Ndasowa mvula ya Disembala padenga la malata, ndasowa kukhala pamphasa kuswa mtedza ndi amayi uku tikujeda anthu a mudzi wonse. Koma ambirife kuno tikudziwa kuti tikachoka, mpamba wa mabanja athu watha, ndiye timangoti chaka chamawa.

Aphungu athu ku Lilongwe, mukadzafuna kutengera za kuno, musatengere zochotsera msonkho makampani akuluakulu n'kuyembekeza kuti zotsala zifika ku Kamwendo. Yambani ndi malo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linalola kale kuti mabanja alembetse minda yawo; fulumizitsani ntchitoyo, ikhale yotchipa, ndipo amayi asafufutidwe pa mapepalawo. Mukatero dutsitsani mpamba m'magulu a banki mkhonde ndi makopaletivi omwe amadziwa kale wobweza ndi wosabweza, ndipo chaka ndi chaka muzitiuza poyera kuti walandira ndani, wabweza zingati.