Haguro: manda amene anagulitsidwa pa sikelo

Ndili mnyamata, sitima yankhondo ikamira pakati pa nyanja ndiye kuti nkhani yake yathera pomwepo. Mabuku a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse amene ndinkabwereka kulaibulale ankangotchula tsiku ndi dera, n'kuikapo kachithunzi kachimbuuzi. Umu ndi mmene ndinaidziwira Haguro, imodzi mwa sitima zinayi za gulu la Myoko za dziko la Japan.

Inandikopa ndi kamangidwe kake. Pangano la ku Washington la 1922 linkati sitima zankhondo za mtundu wa Haguro zisapose matani 10,000, ndipo kukamwa kwa mizinga yake kusapitirire mainchesi 8. Katswiri wa mapulani, Yuzuru Hiraga, anapanikiza mizinga 10 pa sitima yowonda koma yotalika mamita oposa 200: iwiriiwiri m'timanyumba tisanu tozungulira, titatu kutsogolo, tiwiri kumbuyo. Iye sankafuna matopido (mabomba oyenda m'madzi), poopa kuti angaphulikire m'sitima momwemo, koma akuluakulu a asilikali apamadzi anawaikamo ndithu. Pomalizidwa ku Nagasaki mu 1929, Haguro inali italemera kudumpha malire a panganolo, ndipo amalinyero ankagona mothithikana.

Matopido a Haguro ndiwo anamiza sitima ya Netherlands yotchedwa De Ruyter pa nkhondo ya Java Sea mu February 1942. Nayo Haguro inaona zakuda usiku wa pa 16 May 1945 kufupi ndi Penang, sitima zing'onozing'ono zisanu za Britain zitaizinga. Anthu pafupifupi 900 anafera pomwepo.

Kwa zaka 58 palibe amene anaionanso. Mu 2003 akatswiri osambira pansi pa nyanja anaipeza pa mamita 67, itakhazikika chilili. Zithunzi zake zitayamba kupezeka pa intaneti ndinasangalala ngati wapeza m'bale wosochera. Ndinkaona kuti abale a omwalirawo adziwa tsopano pamene pagona anthu awo.

Chimwemwe sichinakhalitse. Pofika 2014 zinamveka kuti anthu ogulitsa zitsulo zakale akuiphwasula mwakuba, n'kumakweza zidutswa zake pamwamba ndi makina. Mu 2016 Adatchi atapita kukaona De Ruyter yawo, anangopeza dzenje pamene inagona. Sitima yomiza ndi yomizidwa zonse zinathera kwa ogula mkuwa ndi chitsulo.

Chimene chasintha m'moyo wanga ndi chakuti nyanja inasiya kusunga chinsinsi. Kale manda amenewa ankatetezedwa ndi kusadziwika kwake. Lero makina ofufuzira pansi pa madzi amene amathandiza olemba mbiri ndi omwewonso amalozera akuba. Mayiko amaumirira kuti sitima yankhondo yomira idakali yawo, koma sadaikepo mlonda. Choncho ndikamva kuti apezanso sitima ina yankhondo, ndimayamba ndafunsa ngati abisa malo ake enieni.