Mphasa Ziwiri za ku Ngara

Usipa sukonda mwezi. Asodzi a ku Ngara, kum'mwera kwa boma la Karonga, amaukopa ndi nyali usiku wa mdima, ndipo mwezi ukawala ngalawa zimagona pamchenga, amuna n'kukhala ndi ndalama m'thumba koma opanda chochita. Masiku amenewa ndi pamene njuga ya makadi imakula. Kuseri kwa matandala oyanikapo nsomba amayala mphasa ziwiri. Pa yoyamba munthu amaponya K500. Pa yachiwiri amaponya K5,000, ndipo pamenepo pamakhala eni ake a chilimira ndi ogula nsomba ochokera ku Mzuzu, amene ndalama zawo amamanga ndi mphira.

Amalume anga asewera makadi pa gombe limeneli kuyambira ndisanabadwe, koma sanagulitsepo ukonde kapena munda wa mpunga chifukwa cha njuga, chinthu chimene anzawo ambiri sanganene. Chinsinsi chawo ndi chitini. Ndalama za makadi zimakhala m'menemo, osasakanikirana ndi za mpunga kapena za fizi ya ana. Ndalamazo saziwerenga m'makwacha, amaziwerenga m'maulendo amene angaluze chitinicho chisanaume. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya pamphasa inakwera, koma lamulo lawo silinasinthe: sasamukira ku mphasa yaikulu pokhapokha m'chitini muli zokwanira kuluza ka 30 kumeneko.

Nditakumana ndi phunziro la mwayi m'kalasi la masamu, ndinapeza kuti nkhalamba yosadziwa Chingereziyi inali kutsata nkhani imene Christiaan Huygens anailemba mu 1657. Tinene kuti anthu awiri akusewera mosabera, wina ali ndi K10,000, wina K90,000, ndipo agwirizana kuti sadzuka mpaka mmodzi atheretu. Pa masewera 10 otere, wosaukayo adzatheratu pa 9. Sikuti mnzakeyo ndi katswiri, iyayi. Kungoti tsoka likabwera motsatizana, wa thumba lalikulu amalidikira lidutse, pamene winayo wauyamba kale ulendo wa kunyumba. Mnyamata wa ganyu akawina usiku umodzi pa mphasa yaing'ono n'kuthamangira kwa a ku Mzuzu aja, amakhala atalowa m'masamu amenewa. Osewera poker ku Las Vegas ndi ku London amalangizana zofanana, kuti munthu asakhale patebulo ngati mpamba wake sungalipire mtengo wolowera ka 20 kapena ka 30.

Koma kukwera n'kosavuta, anzanga. Chovuta ndi theka lina la lamulo la amalume: m'chitini mukatsala maulendo 20 okha, amanyamuka n'kubwerera ku mphasa ya anyamata. Taganizani munthu wa imvi, amene dzulo anali kupatsana fodya ndi eni ngalawa, lero akukhala pansi pakati pa ana a msinkhu wa adzukulu ake, gombe lonse likuona. Ena amawafuulira kuti, "Bwanji akulu, madzi azama?" Iwo amangoseka n'kuyamba kusakaniza makadi. Ine ndikuganiza kuti ambiri amene anatayika pa gombe lija masamu ankawadziwa ndithu, chinawapha ndi manyazi oyenda mapazi ochepa amene ali pakati pa mphasa ziwirizo. Munthu amalolera kukabwereka katapila, kapena kupinyolitsa injini, kusiyana n'kuti aoneke akutsika.

Ndisanamizire kuti chitinicho chinawalemeretsa. Malata a nyumba yawo anachokera ku mpunga wa Kilombero, ndipo azakhali amanena poyera kuti ndalama zimene zagona m'chitini zaka zonsezi zikanagula ng'ombe. Mwina akunena zoona. Pa zaka za pakati pa 2009 ndi 2014, pamene mgodi wa Kayelekera unali kukumba miyala ya yureniyamu, anyamata a malipiro a pamwezi ankatsikira kunyanja kumapeto kwa mwezi n'kukweza mitengo ya pamphasa mpaka anthu kuchita mantha. Amalume anakhala pa mphasa yaing'ono nyengo yonseyo, akuchedwa amantha. Nditawafunsa patchuthi chathachi ngati sanakhumbire, anandiyankha kuti, "Iwe mwana, amene aja anali ndi bwana wowadzazira chitini pakutha pa mwezi. Changa ndani akanadzaza?" Tsiku limenelo m'chitini munali maulendo 26, ndipo mwezi unali utayamba kukhwima.