Mapointi 16 a ku Dedza ndi mapointi 30 a ku Jeppe

Ndine telala. Kwa zaka zoposa 10 ndakhala ndikupalasa makina m'kachipinda kena ku Jeppestown, kufupi ndi msewu wa Jules, kum'mawa kwa mzinda wa Johannesburg. Tepi imene ndimakoleka m'khosi ili ndi mbali ziwiri, ina ya mainchi, ina ya masentimita. Chiuno cha munthu mmodzi chimatuluka 32 ukayeza ndi mbali iyi, nkutuluka 81 ukaitembenuza. Telala amene wamva nambala osafunsa kuti yachokera mbali iti amawononga nsalu ya mwini. Izi ndinazidziwa ndikadali mnyamata, koma pa nkhani ya sukulu ya ana ndinalakwitsa momwemo, ndipo amene analipira ndi mwana wa mlongo wanga.

Mnyamatayu analemba mayeso a MSCE mu 2018 kwathu ku Dedza ndipo anapeza mapointi 16. Abale a ku Tete ndi a ku Harare mwina simukudziwa kawerengedwe ka bungwe la MANEB, choncho ndifotokoze. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Wopeza 1 kapena 2 wakhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Amaphatikiza maphunziro 6 amene mwana wachita bwino koposa, moti wopambana onse amakhala ndi mapointi 6. Nambala ikachepa, ulemu umakula. A ku Chipata ndi ku Lusaka izi si zachilendo kwa inu, poti mayeso anu a Giredi 12 amayendanso motero. Kuti bungwe la NCHE liganizire mwana pa masankho a mayunivesite a boma, amafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Koma oyenera ndi ambiri, malo ndi ochepa. Mnyamata wathu ankafuna zauinjiniya, ndipo dzina lake silinatuluke.

Kwa ife Achewa, mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, ndipo zake zikavuta anthu amayang'ana kwa atsibweni ake. Mlongo wanga ataimba foni akulira, ndinayankha ndi mtima wa mwinimbumba: "Mutumizeni kuno, mayunivesite ali pakhomo." Sindinkanama. Kuchokera ku Jeppestown munthu amafika wapansi ku Doornfontein, pafupi ndi bwalo la Ellis Park, pamene pali nthambi ya University of Johannesburg. Wits ili ku Braamfontein, ulendo waufupi pa minibasi. Ana a sukuluzi ndinkawaona tsiku ndi tsiku, ena ndinkawasokera madiresi a tsiku lolandira digiri. Ndinkaganiza kuti chinthu chimene umachiona tsiku lililonse ndiye kuti umachidziwa. Mlongo wanga anagulitsa mbuzi ndi matumba a soya, ndipo mu Julaye 2019 mnyamatayo anakwera basi yodzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge, natsikira pa Park Station, satifiketi ili mu envelopu pachifuwa.

Tinapita ku ofesi yolandira ophunzira pa yunivesite ina. Mayi amene tinamupeza anatilandira mwaulemu, nayang'ana pepala lija nthawi yaitali. Kenako anati mwanayo anakhoza bwino, koma pepalalo palokha silingamulowetse ku maphunziro a digiri m'dziko muno. Ndinayamba kumufotokozera kuti mapointi 16 kwathu ndi chinthu chachikulu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatilembera dzina la ofesi ina pa kapepala.

Zimene ndinaphunzira masabata otsatirawo ndi izi. Ku South Africa, wofuna digiri yoyamba amafunika satifiketi ya kuno ya Giredi 12, imene anthu amangoti matriki, yokhoza pa mlingo wolola digiri. Amene analemba mayeso kudziko lina amafunika chikalata chomulola kuchokera ku Matriculation Board, nthambi ya bungwe la Universities South Africa ku Pretoria. Pa muyeso wawo, MSCE ili pa msinkhu wa O Level. Njira yodziwika yopezera chilolezo chathunthu ndi kukhoza maphunziro 2 a A Level pamwamba pa maphunziro ena 3 a O Level. Ana a ku Zimbabwe amabwera nazo kale, chifukwa kwawo kuli Fomu 5 ndi Fomu 6. Ku Malawi A Level imapezeka m'sukulu zowerengeka, monga Kamuzu Academy ku Mtunthama, ndipo mwana wa mlimi wa soya sakafikako. Poyamba ndinkayesa kuti akunyoza sukulu zathu, koma nditadekha ndinaona kuti makwerero ndi amene anamangidwa mosiyana. Digiri ya ku Malawi imatenga zaka 4, pamene madigiri ambiri a kuno amatenga zaka 3. Zimene mwana wa kwathu amakaphunzira m'chaka choyamba cha yunivesite, kuno amafuna abwere atazidziwa kale.

Uphungu wa anzanga sunachedwe. Wina anati kalata ya SAQA imathetsa zonse. Zoona zake n'zakuti SAQA imayeza pepala lakunja ndi kunena msinkhu wake, koma sipereka malo pa yunivesite, ndipo kalata yake silowa m'malo mwa chilolezo chija. Mkulu wina wa kutchalitchi anandikumbutsa za pangano la mayiko a SADC pa zamaphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997. N'zoona kuti panganolo limapempha mayunivesite kusungira ana a mayiko oyandikana malo osachepera 5 pa 100 alionse, ndi kuwalipiritsa ngati ana a m'dzikomo. Koma malowo ndi a mwana amene wakwaniritsa kale zofunika. Wachitatu anabwera madzulo ndikutseka, nanena chapansipansi kuti akudziwa munthu wosindikiza satifiketi ya matriki, zidindo zonse zili pomwepo. Ndivomere kuti ndinafunsa mtengo. Mnyamata uja ndiye anandiletsa. Anati: "Atsibweni, zaka 4 ndakhala ndikuwerengera pa koloboyi. Pepala langa ndi lomweli. Likakanika, likanike lili langa." Ndinachita manyazi. Pambuyo pake ndinadziwanso kuti zotsatira za matriki zimasungidwa ndi bungwe la Umalusi, ndipo mayunivesite amazifufuza. Tikadataya ndalama, dzina, mwinanso ufulu wake.

Kumayambiriro kwa Sepitembala chaka chomwecho, zipolowe zolimbana ndi anthu obwera zinabuka ku Jeppestown ndi ku Malvern. Masitolo ndi magalimoto zinapsa mumsewu wa Jules. Tinakhala masiku angapo titadzitsekera m'nyumba, mlongo wanga akuimba foni m'mawa ndi madzulo kuti mwana wake abwerere.

M'masiku odzitsekerawo munachitika chinthu chimene ndalembera nkhani ino. Mwana wanga wamkazi anali mu Giredi 9, ndipo anali ndi fomu yochokera kusukulu yosankhira maphunziro a Giredi 10. Kuno masamu ali pawiri: Mathematics, amene ndi masamu enieni, ndi Mathematical Literacy, masamu a moyo wa tsiku ndi tsiku. Anzake ambiri anasankha achiwiriwo poti savuta ndipo malikisi amakwera. Iyenso anachonga pomwepo, nandipatsa cholembera. Kwa ine masamu anali masamu basi. Msuweni wake, amene anali ataloweza timabuku tonse ta mayunivesite chifukwa chosowa chochita, anagwira pepalalo nati: "Atsibweni, musasaine." Anatsegula timabukuto n'kutionetsa mzere ndi mzere kuti zauinjiniya, zaudokotala ndi madigiri a sayansi onse amafuna Mathematics. Mwana wa zaka 15 akasankha enawo, zitseko zimenezi zimatsekeka tsiku lomwelo, ngakhale adzakhoze bwanji mu Giredi 12. M'mera mpoyamba. Mwana wanga analira, nati: "Ababa, mukufuna ndilephere." Ndinasaina pa Mathematics dzanja likunjenjemera.

Mnyamatayo anabwerera ku Dedza mwezi womwewo, ndalama za mbuzi zitathera m'njira. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, iye ndiye anali mphunzitsi wa masamu wa msuweni wake. Ankalemba samu pa pepala, kulijambula, n'kutumiza pa WhatsApp, nthawi zina atakwera pachulu kusaka netiweki.

Pa zaka 3 zimenezo ndinaphunzira mbali yachiwiri ya tepi. Mwana wa matriki amalemba maphunziro 7. Phunziro lililonse limapatsidwa mlingo kuyambira 1 mpaka 7, ndipo 7 ndi wa amene wapeza malikisi 80 kapena kuposerapo pa 100, 6 ndi wa 70 mpaka 79, 5 ndi wa 60 mpaka 69, kumatsika motero. Kuno nambala ikakula, ulemu umakulanso. Kuti satifiketi ilole digiri, mwana amafunika malikisi osachepera 50 m'maphunziro 4, osawerengera Life Orientation. Kumeneko n'kungolowa pachipata. Digiri iliyonse ili ndi chiwerengero chake cha mapointi, chimene amati APS, ndi mlingo wake wa masamu, sayansi ndi Chingerezi. Mayunivesite sawerengera mofanana, ndipo kukwanitsa chiwerengerocho sikutanthauza kuti malo apezeka. Mafomu amatumizidwa mwana akadali mu Giredi 12, ndipo poyamba amamuyeza ndi zotsatira za Giredi 11, chaka chimene ana ambiri amachiyesa chopumira.

Zotsatira zinatuluka mu Januwale 2023. Masamu anapeza 61, ndipo maphunziro 6 ataphatikizidwa anakwana mapointi 30. Anapatsidwa malo a digiri ya sayansi ya zamoyo pa yunivesite ina ya mumzinda muno. Ndinaimbira amayi anga ku Dedza ndili ndi chimwemwe: "Amayi, mdzukulu wanu wapeza mapointi 30!" Kunali zii. Kenako anayankha ndi mawu achifundo: "Pepani bambo. Musamukalipire, angobwereza." Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma zaka zonsezi ankamva kuti mdzukulu wa mapointi 16 sanasankhidwe, ndiye wa 30 akanatani? Anawamasulira ndi mdzukulu wawo wa 16 yemweyo, ndipo nthungululu ndinaimva pa foni.

Iyenso chaka chomwecho analowa. Malamulo a Matriculation Board ali ndi khomo lina la amene akwanitsa zaka 23 ndipo ali ndi maphunziro okhoza bwino pa msinkhu wa O Level: amatha kupatsidwa chilolezo chokhala ndi malire, yunivesite ikavomera kuwalandira. Anakwanitsa zakazo mu 2022, ndipo tsopano akuphunzira digiri ya zamalonda ndi Unisa, yunivesite yophunzitsa munthu ali kwawo. Amawerengera ku Dedza komweko, fizi ikuchokera pa makina anga. Sindinganene kuti zonse zinatha bwino. Zauinjiniya anazisiya, zaka 4 zinapita, ndipo mbuzi za mlongo wanga sizinabwerere m'khola. Ndikanafunsa ndisanalonjeze, mwina akanabwereza Fomu 4 kuti atsitse mapointi n'kuyesanso masankho a kwathu, kapena ndalama za basi zikanayamba kulipira A Level. Akulu anati safunsa anadya phula, koma phula limeneli anadya ndi mwana, wosafunsayo ndinali ine.

Mwezi watha mayi wina wa ku Mangochi, amene mwamuna wake timasoka limodzi, anandiimbira kuti mwana wawo wapeza mapointi 12 ndipo akufuna abwere kuno. Ndinamuyamikira mwanayo, chifukwa 12 si masewera. Kenako ndinawapempha kuti asagulitse kanthu, asagule tikiti, mpaka titadziwa digiri imene akufuna, maphunziro amene digiriyo imafuna, ndi chimene a ku Pretoria anganene pa pepala lake. Anati ndikuwagwetsa ulesi. Ndinawauza kuti adikire kaye sabata ziwiri, ndipo mawa lake ndinatseka shopu masana n'kupita kukafunsa.