Akita Safa ku Ndirande

Ogulitsa makala akamatsitsa matumba panjinga, mwini vidiyo sho ya kuseri kwa msika wa Ndirande amakhala atasesa kale. Kanyumba kake nka matabwa otsala pocheka ndi malata akale, mawindo anatseka ndi makatoni, pakhomo pali chiguduli. M'katimo muli mabenchi asanu ndi awiri, TV yotsekeredwa m'chikhola chachitsulo, ndi sipika yomwe anaitulutsira padenga kuti zibakera zizimveka mpaka kwa amayi a tomato. Lachitatu limene ndinaswerako, ndinampeza akulemba pabolodi ndi choko: China O'Brien, Martial Law, Tiger Claws, ndipo pansi penipeni, mpira usiku.

Ndinamufunsa chifukwa chake akuonetsabe mafilimu akale kuposa ana amene amadzawaonera.

"Achimwene, atsopanowa amachulutsa zolankhula," anatero akupukuta choko m'manja. "Munthu walipira kuti aone mwendo."

M'mawa bizinesi ndi yozizira. Kunalowa anyamata awiri a kabaza odikira kuti dzuwa lipendeke, ndi bambo wina wachikulire wa jekete lothetheka amene anakhala kumbuyo ngati mkulu wa mpingo. Sipika inali kulira, koma msika unali ndi phokoso lakelake: osula zidebe akumenya malata, mawilibala akupempha njira, wina akuitanira kaunjika.

Nthawi itapitirira 12 koloko, ana oweruka kusukulu anakhamukira pachigudulipo, ndalama zamandasi zili m'manja. Mnyamata wapakhomo anali kulandira uku akukalipa: "Iwe, chikwama pansi! Wamtali kumbuyo!" Mpweya unatha m'kanyumbamo. Fungo la thukuta linasakanikirana ndi la zigege, ndipo China O'Brien inayamba.

Nkhani yake ndi yosavuta kuitsata. Mayi wapolisi wophunzitsa anzake karate awombera munthu pofuna kupulumutsa mnzake, abweza mfuti ndi baji, abwerera kwawo kumudzi. Kumeneko apeza zigawenga zitagula aliyense waudindo. Zimupha bambo ake, amene anali mkulu wa apolisi m'deralo, ndiye iye aimira chisankho kuti atenge mpandowo. Filimuyi inatuluka mu 1990, anaijambulira ku Utah pamodzi ndi gawo lake lachiwiri kuti ndalama zisaonongeke, ndipo anaitsogolera ndi Robert Clouse, yemwe uja anapanga Enter the Dragon ya Bruce Lee mu 1973. Koma zimenezi ana aja analibe nazo ntchito. Iwo maso anali pa mwendo wa Cynthia Rothrock, makamaka uja amaudzutsa kumbuyo ngati mchira wa chinkhanira nkumenya munthu pamphumi. Utangotera, chipinda chonse chinakuwa. Kamtsikana kena kakutsogolo kanaimirira pabenchi mpaka anachita kukakoka diresi.

Apa mpamene pagona kukoma kwa mafilimu amenewa, ndipo ine sindichita nako manyazi. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, nyumba zobwereketsa matepi zitachuluka ku America, panabuka makampani opanga mafilimu osapita n'komwe ku kanema, ongolunjika pa tepi. Ndalama zolembera akatswiri otchuka analibe, ndiye ankalemba anthu odziwadi kumenya. Rothrock anakhala katswiri wa dziko lonse pa mipikisano yoonetsa luso la karate zaka zisanu zotsatizana, kuyambira 1981 mpaka 1985, asanapite ku Hong Kong kukasewera wapolisi mu Yes, Madam! limodzi ndi Michelle Yeoh. Don Wilson anachokera m'bwalo la kickboxing. Billy Blanks nayenso anali wa mipikisano. Pakulankhula ambiri a iwo ndi mbola, nkhope youma ngati chikuni, koma kamera ikabwerera m'mbuyo nkuonetsa thupi lonse, palibe chonamizira. Filimu ya ndalama zambiri imadula chithunzi kakhumi pa chibakera chimodzi kuti usaone kuti akita sadziwa kanthu. Yosaukayi ilibe pobisala, ndipo mwana wa ku Ndirande, amene amaona ndewu zenizeni pa siteji ya minibasi, sungamupusitse pa nkhani ya chibakera.

Vuto la zolankhulalo analithetsa kale omasulira. Mawu a filimu amawatsitsa, pamwamba pake nkumamveka mnyamata mmodzi yekha akulankhulira anthu onse m'Chichewa cha m'tauni, mkazi ndi mwamuna yemwe. Wapolisi akuti "aise", chigawenga chikulumbira pali mayi ake, msewu wa ku Los Angeles wasanduka wa ku Limbe. Nthawi zina zimene akunenazo sizigwirizana ndi nkhani, koma ndinganene mosaopa kuti kawirikawiri amaposa amene analemba filimuyo. Ku Uganda anthu otere amawatcha ma VJ, ndipo kumeneko anafika podzipangira zawo: Nabwana I.G.G. wa ku Wakaliga, dera losauka la mu Kampala, anatulutsa Who Killed Captain Alex? mu 2010 ndi ndalama zosapitirira madola 200, mawu a VJ ali momwemo.

Cha m'ma 3 koloko, Martial Law ili pakati, magetsi anathima. Kunamveka "aaa!" wa mtundu wonse. Mwini wake anatuma mnyamata kukagula petulo wa m'botolo wothira mu jenereta, ife tinatsala mumdima tikudzipepesa mphepo ndi makope. Mkangano unabuka woti pakati pa Bolo Yeung ndi Van Damme, kunja kwa filimu, angagwe ndani. Bambo wa jekete uja, amene anali asanatsegule pakamwa chilowereni, anatsokomola.

"Ana inu mukudziwa chiyani? Ife Bruce Lee tinamuonera ku kanema wa Apollo, titavala bwino. Mayi mwamuona uja tinayamba kumuona pa deki, tepi ikutafunidwa, akazi kuno asanaloledwe kuvala buluku."

"Zoona madala?"

"Funsani amayi anu."

Sananame. Lamulo loletsa akazi kuvala mabuluku linachotsedwa mu 1993. Ndinayesa kuganiza mmene zinalili m'kachipinda ngati kano nthawi imeneyo, mkazi wa buluku akugwetsa amuna asanu pa TV, kunja wapolisi weniweni angathe kumugwira chifukwa cha chovala chomwecho. Jenereta inalira, maganizowo anathera pomwepo.

Madzulo ana anachepa, m'malo mwawo munalowa amuna ochokera kumaganyu, ena simenti idakali m'tsitsi. Awa amaonera mwina. Sakuwa pa kiki iliyonse, amadikira malo amodzi amene pafupifupi filimu iliyonse ya mtunduwu imakhala nawo: bwana wa polisi akumenya tebulo, akuuza akita kuti asiye mlanduwo chifukwa akuluakulu aimba foni. Wokhala pafupi nane, wosula mbaula, anandigunda ndi chigongono nthawi ina wapolisi atakana envelopu. "Ameneyu ndiye wapolisi," anatero. "Safunsa za mafuta a galimoto, amangothamanga wapansi." Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa anthu oti anaberedwapo foni nkungobwerera kunyumba.

Ndinaonanso china pamene Tiger Claws inkapita kumapeto, apolisi awiri akusaka Bolo Yeung amene akupha akatswiri a karate mmodzimmodzi. Nkhaniyo akuti ikuchitikira ku New York, koma filimuyo ndi ya ku Canada, ndipo malo omenyanirana m'mafilimu onsewa ndi omwewomwewo: mosungira katundu mopanda kanthu, padoko, kuseri kwa bala, potayira magalimoto akufa. Amasankha malo otere chifukwa ndi otchipa. Koma kwa munthu wokhala pabenchi ili, America wa zitsulo zadzimbiri ndi migolo ameneyu ndi wodziwika kuposa wa nyumba zagalasi. Chigawenga chimodzi chimafa koyambirira nkudzaonekanso kumapeto chitavala chisoti, ndipo anthu amachiloza mokondwa ngati aona mnansi. Wosula mbaula uja sanaone cholakwika. Iyenso chitseko cha galimoto yakufa amachisandutsa zinthu zitatu.

Bolo atagwa, kamnyamata kamene kanazemba mnyamata wapakhomo nkubisala pansi pa benchi kuyambira masana kanatulukira. "Ndinanena ine, akita safa!"

"Tuluka iwe, amayi ako akukusaka ndi chikuni," anatero mwini wake, koma sanakamenye.

Itakwana 8 koloko anafufuta bolodi ndi chinkhupule, nkusiya mawu amodzi aja a mpira, mtengo nkukwera. Anyamata a majezi anayamba kulanda mabenchi. Ine ndinatuluka. Amayi a tomato anali atalongedza, wachiwaya akukolezera moto pansi pa nyali ya batire. Pakanjira kotsikira kumtsinje, ana anayi anali kugawana maudindo, ndipo vuto linali loti aliyense amafuna kukhala wapolisi. Kamtsikana kaja kanathetsa mlanduwo: kanapinda diresi la sukulu m'kabudula, kanadzutsa mwendo kumbuyo, nkugwa chagada m'fumbi. Kanadzuka, kanasasa m'zigongono, kanati ayambirenso.