Kompyuta Yofuna Intaneti Isanayambe Ntchito

Kompyuta imene yafufutidwa zonse za m'kati mwake ili ngati nyumba yopanda mwini. Isanagwire ntchito iliyonse payenera kuikidwa pulogalamu yaikulu yolamulira zonse, monga Windows kapena Ubuntu. M'tauni ntchito imeneyi njapafupi, koma kumapiri a Ntcheu ili ndi msampha wake.

Windows 11, imene inatuluka m'chaka cha 2021, imafuna intaneti isanatsirize kulowa m'makina. Tsono kachipangizo ka Wi-Fi sikadzuka popanda kapulogalamu kake kotchedwa driver, ndipo pamakompyuta ena kapulogalamuko kayenera kutengedwa pa intaneti pomwepo. Chotero munthu afuna intaneti kuti apeze driver, nafunanso driver kuti apeze intaneti. Kiyi watsekeredwa m'nyumba momwemo.

Mphunzitsi wina wa kufupi ndi Tsangano anakodwa mumsampha umenewu pamene maina a ana a Sitandade 8 anayenera kulembedwa kuti akalowe mayeso, masiku atatsala owerengeka. Iye analumikiza foni yake ndi chingwe cha USB kuti kompyuta ibwereke intaneti ya foniyo, pakuti nzeru imeneyi yathandiza ambiri. Koma kumeneko malire ali pafupi. Foni inataya netiweki ya Malawi nigwira ya Mozambique, ndipo bandulo yake inakhala yachabe. M'mawa mwake anakwera lole ya mbatatesi kunka ku boma, kumene mnyamata wina wokonza mafoni anamuikira driver pa fulashi. Ntchito imene inamsowetsa tulo masiku awiri inatha asanamwe n'tiyi yemwe, ndipo ana onse analembedwa.

Nkhani yotere idzachuluka, popeza Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo sukulu zambiri zidzafuna kusintha. Chifukwa chake munthu asanafufute kanthu, ayambe wasunga maina ndi malikisi a ana pamalo ena. Awerenge dzina ndi nambala ya kompyuta, natengeretu driver wake pa fulashi ali pamalo a netiweki yabwino. Ngati makinawo ngakale, aganizire za Ubuntu, imene imalowa ngakhale popanda intaneti ndiponso silipiridwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ngwa mphepo.