Kapu ya Madzi

Anzanga, mwezi wa Okutobala ndi mdani wa mwana wa sukulu yogonera. Masana malata amathetheka ndi dzuwa, thukuta limanyowetsa kope, ndipo masamu salowa m'mutu. Usiku tulo sitibwera. Mitima nayo imatentha msanga. Sabata latha ndinamana mnzanga wapamtima kapu ya madzi amene ndinasunga, tinakangana, ndipo tinaleka kulankhulana.

Posowa wocheza naye, ndinakhala pamthunzi wa mango ndi bukhu limene aphunzitsi anandibwereka, The Hare with Amber Eyes, la Edmund de Waal, lotuluka mu 2010. Limasimba za makolo ake, banja la Ayuda lotchedwa Ephrussi, amene anayamba ndi malonda a tirigu ku Odessa, natchuka ku Paris ndi ku Vienna. Anali ndi tiziboliboli 264 ta ku Japan, tokwana m'dzanja. Mu 1938, Hitler atatenga dziko la Austria, banjali linalandidwa nyumba ndi chuma. Koma bukhulo likuti wantchito wawo, Anna, ankazembetsa tiziboliboli tija pang'onopang'ono, natibisa m'matiresi ake, kufikira anatibweza kwa eni ake mu 1945.

Nditawerenga izi ndinagwidwa manyazi. Mayi uja anaika moyo wake pachiswe posungira ena katundu, pamene ine ndinaumira madzi chabe. Tsono madzulo omwewo ndinatunga kapu yodzaza, n'kupita nayo pa bedi la mnzangayo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analandira, namwa onse.

Kunja kukutenthabe, koma tsopano timadikira mvula tili awiri.